Msiyeni mwana auponde kaye mpirawo

Ana anga, sabata ino makalata anu a nkhani za m'banja ndawaika kaye pambali. Ndikufuna ticheze za mawu awiri amene amamveka paliponse pomwe ana athu akusewera mpira wamiyendo, kaya ndi kusukulu, kutchalitchi kapena pabwalo lafumbi la kuseri kwa msika. Mawuwo ndi akuti "Chotsa!" ndi "Menya!" Okuwa kwambiri timakhala ife akuluakulu: abambo, amalume, aphunzitsi, ndipo masiku ano ngakhale amayi, chitenje atamanga m'chiuno, mawu ali pamwamba. Mpira ukangofika pamwendo wa mwana wazaka 9, asanauone n'komwe bwinobwino, bwalo lonse limakhala layamba kale kumulamula kuti autaye kutali ngati wagwira khala lamoto. Mwana uja amangomenya chimenyemenye, mpira n'kukagwera kwa adani, ife n'kumawomba m'manja poti wapita patali.

Mwina wina akudabwa kuti namwino wopuma pantchito, mutu uli mbuu ndi imvi, akudziwa chiyani za mpira. Amene adagwirapo ntchito m'chipatala Loweruka ndi Lamulungu akudziwa kuti kawailesi ka alonda kapena ka odikirira odwala sikazima Flames ikamasewera, ndipo chikondi cha mpira chimakulowa usakudziwa. Chipumireni pantchito ndilinso ndi nthawi yokwanira yokhala pakanema ndi adzukulu. Koma chachikulu n'chakuti zaka zanga zonse zapantchito ndidazithera poona zimene mantha amachita m'thupi la munthu, ndipo mantha a m'wodi ndi mantha a m'bwalo la mpira ndi amodzimodzi. Tsono ndikamva bambo akukuwira mwana wake kuti achotse mpira, ndimaona munthu amene akuphunzitsa mwana mantha, iye akuyesa kuti akumuphunzitsa mpira.

Kudekha mpira uli kumapazi ndi nzeru, ndipo pali anthu amene adaionetsa nzeru imeneyi dziko lonse likuona. Inu amene munkadzaza m'nyumba zoonetsera mpira pakati pa 2008 ndi 2012 mukuikumbukira timu ya Barcelona ya mphunzitsi Pep Guardiola, ndi anyamata ake atatu osewera pakati: Xavi Hernández, Andrés Iniesta ndi Sergio Busquets. Xavi ndi Iniesta ndi anthu afupiafupi, msinkhu wa mamita 1.7 basi, moti akadabadwira kuno ndikhulupirira aphunzitsi ena akadawabweza pachipata n'kuwauza kuti akayambe adya nsima akule. Busquets ndi wamtali, koma liwiro adalibe. Komatu adani amphamvu ndi aliwiro ankathamanga mpaka thukuta kamukamu, mpira osaukhudza. Mu 2011, pabwalo la Wembley ku London, m'masewero omaliza a chikho cha Champions League, adagonjetsa Manchester United 3-1, ndipo m'makomo mwathu muno abambo ena ochemerera United adakagona nsima osaikhudza.

Mukapeza mwayi woonanso masewero akalewo, chitani chinthu chimodzi. Lekani kutsatira mpira ndi maso, muziyang'ana Xavi yekha nthawi imene mpira uli kwa mnzake. Mudzaona mutu wake ukungotembenuka, uku, uko, kumbuyo, ngati nkhuku ya anapiye imene yaona chithunzithunzi cha mphamba. Pamene mpira ukumufika amakhala atadziwa kale kuti mdani ali pati, mnzake ali pati, ndipo mpata uli mbali iti. Ife oonera timati munthuyu ali ndi mtima wozizira, pamene iye wangomaliza kuganiza msanga, anzake asanayambe. Katswiri wina wa ku Norway, Geir Jordet, watha zaka zambiri akuwerenga m'makanema kuti wosewera amacheuka kangati mpira usanamupeze, ndipo adapeza kuti amene amacheuka kawirikawiri ndi omwenso amapatsira anzawo molondola akaulandira.

Muonenso kaimidwe kake. Salandira mpira atafulatira komwe akupita. Amaima chammbali kuti aone komwe ukuchokera ndi komwe akufuna kuupititsa nthawi imodzi, ndipo poukhudza koyamba amaukankhira kutali ndi phazi la mdani. Busquets ndiye ankachita zoti munthu woonera ugwire mtima. Ankaima ndi mpira pafupi ndi golo lake lomwe, kumudikira dala mdani kuti abwere, mdaniyo akati watambasula mwendo iye n'kuukokera kumbuyo ndi kuphazi, n'kupatsira mnzake wapafupi. Kudikirako kudali ndi cholinga. Mdani akachoka pamalo pake kudzalanda mpira, pamalo paja pamatsala pululu, ndipo mnzako amalowa pomwepo. Mwana amene waphunzitsidwa kutaya mpira mdani adakali mamita 10 kutali sadzazindikira zimenezi mpaka kukula.

Tsopano tibwere kuthupi, komwe ndiye kumunda kwanga. Munthu akachita mantha, tiziwalo tiwiri ting'onoting'ono tokhala pamwamba pa impso timathira m'magazi madzi otchedwa adrenaline. Mtima umagunda mofulumira, munthu amapuma mwabefu, kukamwa kumauma, ndipo magazi amathamangira kuminofu ikuluikulu ya miyendo ndi mikono kuti athawe kapena alimbane ndi chomuopsacho. Zimenezi n'zothandiza ukakumana ndi galu wachiwewe panjira. Kuipa kwake n'kwakuti maso amangokakamira pa chinthu chimodzi chokuopsacho, za m'mbali zonse n'kuzimirira, ndipo ntchito zofuna luso la pang'onopang'ono, monga kulowetsa ulusi pasingano kapena kupeza mtsempha wa khanda kuti uike diripi, zimavuta chifukwa thupi lonse lakungika. Ndiye taganizani za mwana uja pabwalo. Mdani akubwera, bambo ake akukuwa dzina lake, aphunzitsi nawo akukuwa. Maso ake akuona mdani yekhayo. Mnzake amene waima yekha mamita 5 kumanzere sakumuona. Phazi lauma gwa, mpira ukafika ukunjanja ngati wagunda khoma. Mukamukalipira chifukwa cha zimenezo mukungoonjezera madzi omwe aja m'magazi mwake.

M'mawodi ndalandirapo anamwino ophunzira ambirimbiri. Akabwera naye mwana wagwa linjirinjiri chifukwa cha malungo, mayi akulira, agogo akukuwa, achibale adzaza pakhomo, wophunzira watsopano amathamanga. Amathamangira kukabati ya mankhwala, n'kubwerera poti waiwala kiyi, n'kuthamangiranso kukafuna adokotala, mwana ali yekha pabedi. Wozolowera amayamba waima masekondi ochepa n'kuyang'ana. Kodi njira ya mpweya ndi yotseguka? Akupuma? Amamugoneka chammbali, n'kuuza uyu kuti katenge chakuti, uyo kaitane adokotala, ndi mawu otsika. Kwa achibale amaoneka ngati sizikumukhudza, ena amafika pomunena kuti ndi wamwano, koma ndi yemweyo amene amafika msanga pomuthandiza mwanayo. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo poti tafika pamenepa ndikumbutseko: mwana akagwa linjirinjiri musamuike supuni kapena chala m'kamwa, mugonekeni chammbali, kenako thamangani naye kuchipatala.

Namwino wodekha uja sadabadwe choncho. Adabwereza zinthu zomwezo kambirimbiri pa chidole cha m'kalasi, kenako pa odwala enieni, asisitala ataima pambali pake, kumuongolera chapansipansi, akalakwitsa n'kukamuuza kumbali odwala asakumva. Ndidaonanso ophunzira amene adagwa m'manja mwa akuluakulu okalipa. Amenewo ankaphunzira zinthu ziwiri: kubisa akalakwitsa, ndi kukankhira mnzawo ntchito iliyonse yovuta. Kukankhira mnzako ntchito poopa kukalipiridwa ndi kumenya mpira kutali poopa bambo ako ndi nthenda imodzi.

Onani zimene dziko la Spain lidachita mu 2010, pamene chikho cha dziko lonse chidachitikira muno mu Africa koyamba, mavuvuzela ali pakamwa. Pa 16 Juni ku Durban, m'masewero awo oyamba enieniwo, adagonja 1-0 ndi Switzerland, chonsecho mpira udakhalitsa kumapazi awo. Anthu adayamba kunena kuti kupatsiranako n'kutaya nthawi, angomenya kutsogolo ngati anzawo. Mphunzitsi wawo Vicente del Bosque, bambo wofatsa wa ndevu zapamlomo, sadasinthe kaseweredwe. Adagonjetsa Honduras ndi Chile, kenako Portugal 1-0, Paraguay 1-0, Germany 1-0. M'masewero 7 adamwetsa zigoli 8 zokha, n'kutenga chikho. Zidatheka chifukwa mdani amene alibe mpira sangakumwetse chigoli, komanso amatopa ndi kuuthamangira, ndipo munthu wotopa amalakwitsa chakumapeto.

Masewero omaliza, pa 11 Julayi ku Johannesburg, adali nkhondo. Osewera a Netherlands adalowa ndi mphamvu zoopsa, moti Nigel de Jong adamuponda Xabi Alonso pachifuwa ndi nsapato, ndipo woyimbira Howard Webb adatulutsa makadi achikasu 14. Mphindi 90 zidatha popanda chigoli. Pa mphindi ya 116, miyendo ya aliyense italema, Cesc Fàbregas adapatsira Iniesta mkati mwa bokosi. Pamenepo ndi pomwe ambiri akadatseka maso n'kumenya ndi mphamvu zonse, mpira n'kukagwera kwa oonera. Iye adayamba waukhudza kaye, udanjanja, adaudikira utsike, kenako n'kuumenya kulowa muukonde. Kudikira kwa kamphindi kameneko ndi komwe kudapatsa Spain chikho chake choyamba cha dziko lonse.

Pali mbali ina ya Iniesta imene ndikufuna makolo muimve bwino. Atamwetsa chigolicho adavula jezi, ndipo pamalaya am'kati padali mawu okumbukira mnzake Dani Jarque, kaputeni wa timu ya Espanyol, amene adamwalira mwadzidzidzi ndi vuto la mtima mu Ogasiti 2009 ali ndi zaka 26. Patapita zaka Iniesta adaulula poyera kuti m'miyezi imeneyo adadwala matenda ovutika maganizo, kusowa chimwemwe pa chilichonse, mpaka adafuna thandizo la akatswiri. Munthu amene dziko lonse linkamuona wodekha koposa adali ndi bala lalikulu mumtima. Choncho mwana wanu akakhala wachete musafulumire kunena kuti ali bwino. Mwana wodekha amaseka, amafunsa mafunso, amayesa zinthu zatsopano. Amene wangoti zii, wasiya kudya, wasiya kusewera ndi anzake, ameneyo mukhale naye pansi, ndipo zikapitirira mupite naye kuchipatala. Iniesta adachita manyazi ngati? Ayi, adapita, ndipo adachira.

Nanga anyamata amenewa adaiphunzira kuti nzeruyi? Onse atatu adaphunzirapo ku La Masia, sukulu ya ana ya timu ya Barcelona. Iniesta adachoka kumudzi kwawo ku Fuentealbilla mu 1996 ali ndi zaka 12. Mu 2010 anthu atatu amene adatsogola pa mphoto ya Ballon d'Or, Lionel Messi, Iniesta ndi Xavi, onse adali ochokera kusukulu imeneyi. Ndipo musati n'za anyamata okha. Aitana Bonmatí, mtsikana wochepa thupi amene adathandiza Spain kutenga chikho cha dziko lonse cha amayi mu 2023, natenga Ballon d'Or mu 2023 ndi 2024, adakuliranso m'manja mwa timu yomweyo, ndipo mutu wake umatembenuka chimodzimodzi ngati wa Xavi.

Maziko a kaphunzitsidwe kawo ndi kasewero kamene amakatcha rondo, kamene Johan Cruyff adakalimbikitsa pamene adali mphunzitsi wa Barcelona kuyambira 1988 mpaka 1996. Sikafuna ndalama. Ana anayi kapena asanu amaima mozungulira, mmodzi kapena awiri pakati. Akunja amapatsirana, apakati amayesa kulanda, ndipo wotayitsa mpira amalowa pakati. Basi. Malo ake ndi aang'ono, ngati pabwalo la kutsogolo kwa nyumba yanu. M'mphindi 10 mwana amakhala atalandira mpira kambirimbiri mdani ali pamphuno pake, ndipo thupi limazolowera kuti kubwera kwa mdani si imfa. Akatayitsa, chilango chake n'kusekedwa pang'ono ndi kulowa pakati, posakhalitsa n'kutulukanso. Mantha amachepa chifukwa kulakwa kwatsika mtengo.

Chondimvetsa chisoni n'chakuti ana athu kasewero kotere ali nako kale. Taimani tsiku lina madzulo muwaone ali ndi mpira wachikulunga m'kanjira ka pakati pa nyumba, magolo ali a miyala kapena a masilipasi. Amauponda, amaukokera kumbuyo, amapusitsana, amagwiritsa ntchito ngakhale khoma la oyandikana nawo. Palibe amene amamenya kutali, chifukwa ukagwera m'munda wa masamba wa amayi aukali aja suubwerera. Mwana yemweyo mukamuveka jezi, n'kumuika pabwalo la akuluakulu, 11 mbali ino 11 mbali inayo, golo lalikulu loti goloboyi wake sangafikire pamwamba ngakhale atadumpha, luso lonse lija limathawa. Pabwalo lalikulu amene amaoneka katswiri ndi mwana wamkulu thupi womenya patali, ndipo wamng'ono wanzeru uja amatha masewero onse ataukhudza kanayi kapena kasanu. Inu a m'makomiti a sukulu, ligaweni bwalolo pawiri kapena panayi, ana aang'ono azisewera anayi kapena asanu mbali imodzi. Bwalo lomwelo lidzakwanira ana ambiri, ndipo aliyense adzabwerera kunyumba ataukhudza mpira mokwanira.

Wina anena kuti amayi inu, mabwalo a ku Spain ndi a kapinga wosalala ngati mphasa, athuwa ndi a zigumukire ndi miyala, mpira umanjanja mmene ukufunira. N'zoona. Koma pamalo oterowo ndi pomwe kuyang'ana msanga kumafunika kwambiri, chifukwa maso ako adzakhala otangwanika ndi mpira ukamafika, ndiye za adani ndi anzako uyenera kukhala utaziona kale. Ernest Mtawali adakulira m'mabwalo athu omwewa, koma adakasewera pakati ku Bloemfontein Celtic ndi Mamelodi Sundowns ku South Africa mpaka kukafika ku Toulouse ku France, ndipo amene adamuona amakumbukira kufatsa kwake mpira uli kuphazi.

Mukufuna kudziwa kuwawa kwa kulephera kusunga mpira? Kumbukirani pa 25 Januwale 2022 ku Yaoundé, pamene Flames idakumana ndi Morocco m'ndime ya matimu 16 ya chikho cha Africa, ndime imene tidali tisanaifikepo. Pa mphindi ya 7 Gabadinho Mhango adamwetsa chigoli chochokera kutali chimene tidzachisimba mpaka kwa zidzukulutudzi. M'mudzi monse mudali nthungululu. Koma kuchokera pamenepo mpira udakhalitsa kumapazi a Morocco. Anyamata athu adalimba mtima, goloboyi adatipulumutsa kangapo, koma tikaulanda sunkachedwa kubwerera kwa adani. Youssef En-Nesyri adabweza chigoli chigawo choyamba chili pafupi kutha, Achraf Hakimi n'kudzamwetsa chachiwiri pa mphindi ya 70. Sindikunyoza anyamata amene adatinyaditsa, ndipo Morocco idali timu yamphamvu zedi. Ndikungonena zomwe namwino aliyense akudziwa, kuti thupi silingathamange mwabefu ola lathunthu ndi theka popanda kupumira. Timu ikapatsirana kasanu kapena kasanu n'kamodzi osatayitsa, otchinga kumbuyo amapeza mpata wokoka mpweya. Luso limenelo munthu saliphunzira ali ndi zaka 25 ku kampu ya timu ya dziko. Amabwera nalo kuchokera kubwalo lija la kusukulu komwe ife timakuwa kuti achotse.

Musandimve molakwa, ngati ndikunena kuti kusunga mpira ndiye zonse. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Spain yomweyo mu 2018 ku Moscow idapatsirana mpira kopitirira ka 1,000 polimbana ndi Russia, koma kupatsirana kwa m'mbalimbali kopanda woyesa kuboola, ndipo idatuluka pa mapenate. Mu Disembala 2022 ku Qatar zidachitikanso ndi Morocco: mphindi 120 popanda chigoli, pa mapenate Spain osamwetsa ndi imodzi yomwe, Busquets yemwe uja penate yake n'kugwidwa. Tsiku limenelo odekha adali a Morocco, amene adadikira pamalo pawo osatengeka, ndipo Hakimi, wobadwira mumzinda wa Madrid, adamaliza nkhani pongoukweza mpira mofewa pakati pa golo. Kudekha n'kuona bwino kenako n'kusankha. Nthawi zina chosankha chabwino chimakhala kumenya kutali ndithu, monga adani atatu akakuzinga pakamwa pa golo. Koma mwana asankhe yekha ataona, ndipo sangaphunzire kusankha ngati nthawi zonse wina akumusankhira kuchokera kunja kwa bwalo.

Mpira wa m'mwambamwambawu ulinso ndi vuto lina limene limandikhudza ngati wachipatala. Ukamenyedwa kutali umatsika kuchokera kumwamba, ndipo ana amaulandira ndi mitu, nthawi zina mitu iwiri n'kuombana. Mu 2019 akatswiri a pa yunivesite ya Glasgow adapeza kuti amene adasewerapo mpira ngati ntchito ku Scotland ankamwalira ndi matenda oononga ubongo, monga aja oiwalaiwala, kuwirikiza pafupifupi katatu ndi theka poyerekeza ndi anthu ena. Ku America bungwe loyendetsa mpira lidaletsa mu 2015 ana a zaka 10 kutsika mmunsi kumenya mpira ndi mutu, ndipo ku England adayamba kuchita chimodzimodzi kwa ana aang'ono mu 2024. Khosi la mwana n'losakhwima ndipo ubongo wake ukukula. Mpira wapansi umamuteteza. Ndipo akagundidwa m'mutu n'kuyamba kusanza, kuwodzera kapena kuyankhula zosokonekera, atuluke m'bwalo pompo ndipo akaonedwe kuchipatala, ngakhale atalira kuti akufuna kumaliza masewero.

Inu a mabanja achinyamata, mwana amapita kubwalo ndi mtima umene wautenga kunyumba. Mwana amene akataya ndiwo kapena kuswa kapu amalandira khofi asanafotokoze n'komwe, amaphunzira kuti chinthu chilichonse chokhala m'manja mwake ndi ngozi, bola kuchipereka msanga kwa wina. Pabwalo adzachita zomwezo, m'kalasi sadzakweza mkono, ndipo akadzakula adzakhala uja woopa kusayina pepala lililonse kuntchito. Abambo, mwana amakuonaninso mmene mumaonera mpira. Timu yanu ya ku England ikagonja, kodi m'nyumba mumakhala bwanji? Amayi ambiri amandilembera kuti tsiku lotero ana amathawira kuchipinda msanga, iwo n'kumayenda monyang'ama. Ku England komweko akatswiri a pa yunivesite ya Lancaster adaunika mabuku a apolisi a m'chigawo cha Lancashire a nthawi ya zikho za dziko lonse za 2002, 2006 ndi 2010, ndipo adapeza kuti madandaulo a nkhanza za m'banja ankakwera ndi 38 pa 100 alionse timu ya dzikolo ikagonja, ndi 26 pa 100 alionse ngakhale ikapambana kapena kufanana mphamvu. Mowa umalowapo, ndipo masiku ano kubetcha kwa pafoni kwaonjezera moto, poti chigoli chimodzi cha ku London chimatha kudya ndalama ya ufa ya mwezi wonse. Bambo amene akuyamikira kudekha kwa wosewera wa pakanema, kenako n'kuponya mbale chifukwa cha penate, mwana wake adzatengera mbaleyo.

Ndisakunamizeni kuti n'zophweka. Mwana amene mwamulola kuuponda mpira n'kuyang'ana adzaulandidwa, ndipo tsiku lina adzaulandidwa pafupi ndi golo, chigoli n'kulowa. Makolo ena adzakuyang'anani, wina adzanena mokweza kuti mwana wa ndani ameneyu. Timu imene ikuphunzira kupatsirana idzagonja ndi timu ya ana akuluakulu matupi omenya kutali, mwina chaka chonse. Pamenepo ndiye pali mayeso anu, chifukwa mwana akangolakwitsa, asanayang'ane aphunzitsi kapena anzake, amayang'ana komwe mwaima inu. Akapeza nkhope yakugwa, kapena mwagwira kumutu, ulendo wotsatira adzamenya kutali. Akapeza mukuwomba m'manja kuti ayesenso, adzaupemphanso mpirawo. Zouzana kuti uli wekha kapena mdani ali kumbuyo zisiyireni anzake a m'bwalo, ndi ntchito yawo ndipo nawonso akuphunzira kuona. Inu amayi, ngati abambo sangathe kudzigwira, agulireni nzimbe azitafuna, pakamwa pakhale potangwanika.

Masewero akatha mupatseni madzi akumwa, muone zilonda za m'maondo, muzitsuke ndi madzi oyera ndi sopo, osathirapo dothi kapena phulusa monga ena amachitira. Panjira yobwerera kunyumba musayambitse mlandu wa chigoli chija. Akuchidziwa kale kuposa inu. Ngati pakamwa pakuyabwa, mufunseni funso limodzi lokha, kuti pamene unalandira mpira uja pakati, unaona ndani? Masabata oyamba adzakuuzani kuti sanaone aliyense. Pakapita miyezi adzayamba kutchula mayina a anzake, ndi mbali imene aliyense anaima.